Makina Ovomereza Kuti Adzagwa

Kodi chodalirika ndi chinthu chosawonongeka, kapena chimene chinakonzekera kuwonongeka kwake? Akatswiri osamalira makompyuta otchedwa maseva anasankha yankho lachiwiri, ndipo ndikuona kuti analondola. Kampani ya Tandem Computers itatulutsa makompyuta a NonStop mu 1976, sinalonjeze makina osafa. Inaika zipangizo ziwiriziwiri kuti china chikazima, chinzake chipitirize ntchito. Lero maseva amaikidwa m'magulu: iliyonse imatumiza kachizindikiro kosonyeza kuti ikadali moyo, ndipo ikakhala chete, ina imatenga udindo wake. Ena amati uku n'kuwononga ndalama, poti seva yodikirira imangodya magetsi. Koma woganiza chotero waika chikhulupiriro chake chonse pa chopangidwa ndi manja a munthu, ngati kuti tsiku lake silidzafika.

Kukhala awiri pakokha sikuthetsa nkhani. Kulumikizana kukaduka, seva iliyonse ikhoza kuganiza kuti inzake yafa, n'kudziika pampando. Mu October 2018, kuduka kwa masekondi 43 okha kunasiya kampani ya GitHub ndi zolembedwa zosiyana m'malo ake awiri a ku America, ndipo kukonza kunatenga maola oposa 24. N'chifukwa chake magulu ambiri amakhala ndi maseva atatu kapena asanu, ndipo yopezeka kumbali ya ochepa imasiya kulamula, ngakhale ili bwinobwino. Phunziro lake ndi lolemera: kudzimva kuti uli wolondola si umboni wakuti ukulondola. Amene watalikirana ndi anzake ayenera kuyamba wadzikayikira yekha.

Wina angatsutse kuti ochuluka nawonso amalakwa, ndipo akunena zoona. Pa 4 June 1996, roketi ya Ariane 5 inaphulika pasanathe mphindi imodzi chinyamukire, chifukwa makompyuta ake awiri oona njira anali ndi pulogalamu imodzi, ndipo onse anagwa ndi vuto limodzi. Koma izi sizigwetsa mfundoyi, zikungoinola. Mutu umodzi susenza denga, komabe mitu yoganiza mofanana ndendende ndi mutu umodzi womwewo. Mnzako wokutchinjiriza ayenera kukhala pamalo ena, kudalira magetsi ena, ndi kuyesedwa kawirikawiri tsoka lisanafike. Kudalirika kumafuna kudzichepetsa kuwiri: kuvomereza kuti udzagwa, ndi kulola kuti wodzakudzutsa akhale wosiyana nawe.