Kodi Mlandu Waung'ono Suli Mlandu?

Abale, kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, kumene amakutcha Arctic, nyanja imakutidwa ndi madzi oundana. Pamenepo chimbalangondo choyera chimayenda ndi kusaka nyama za m'madzi. Koma dera limenelo likutentha msanga kuposa dziko lonse, ndipo m'mwezi wa September 2012 madzi oundanawo adachepa koposa zaka zonse chiyambire kuwayesa mu 1979. Akasungunuka, chimbalangondo chisowa poima, ndipo chigona ndi njala. Chifukwa chake ndicho utsi wa malasha ndi mafuta umene anthu atentha, nufunditsa dziko monga bulangeti.

Kodi nkhani imeneyi ndi yakutali? Iyai. Ife a ku Phalombe tidaona nyanja ya Chilwa ikuphwa mu 1995 ndi mu 2018. Matemba ndi milamba zidafera m'matope, mbalame zidathawa, asodzi nakoleka maukonde. Tidaona napolo wa m'phiri la Michesi mu 1991, ndi namondwe Freddy mu March 2023, amene adatenga anthu oposa 1,000 m'Malawi. Nyanja yotentha ndiyo imakuza mvula ya namondwe wotere.

Tsono ena anena kuti, Utsiwo ngwa maiko olemera. Ife osauka tilibe mlandu. Indetu, mlandu wao ngwaukulu, ndipo ayenera kuusenza. Koma ndani adadula mikungudza ya m'phiri la Mulanje? Ndani atentha tchire pofuna mbewa, nalima kufikira m'mphepete mwa mtsinje? Phiri likavulidwa, mvula itsika ndi miyala. Munthu wakuba nkhuku sakhala wolungama pakuti mnzake adaba ng'ombe.

Mulungu sadampatse Adamu mundawo kuti aumalize, koma kuti aulime ndi kuusunga. Ife ndife akapitao, si eni ake ai. Chimbalangondo sichidachimwe, matemba sadachimwe, ngakhale mwana wokokoloka ndi madzi sadachimwe. Koma ndiwo alipira. Nanga mwini munda akadzafunsa, tidzaloza chala kutsidya kwa nyanja kodi?

Chotero tisadzitonthoze ndi kuchepa kwa gawo lathu. Mvula ikayamba, banja lililonse libzale mitengo pamunda pake ndi m'mbali mwa mtsinje wa Phalombe, ndipo liitchinjirize ku mbuzi ndi ku moto. Madzi oundana a ku Arctic sitingawafikire. Koma Michesi ali pakhomo pathu, ndipo za iyeyo tidzayankha.