Kodi Mkristu Agwire Nthungo?

Funso limene tiika pamaso panu mwezi uno nlolemera: kodi munthu wa Mulungu, poona anthu ace alikusautsidwa, aloledwa kugwira nthungo? Citsanzo sitikacifuna kutali, pakuti mlandu wa Mbusa John Chilembwe uli pakhomo pathu.

Chilembwe anaphunzira ku Lynchburg m'dziko la America, nabwerako m'caka ca 1900, nayamba Providence Industrial Mission ku Mbombwe, m'dera la Chiradzulu. Kufupi komweko kunali minda ya A. L. Bruce ku Magomero, kumene anthu anali kugwira thangata lowawa. Ndipo woyang'anira mindayo, William Jervis Livingstone, anatenthetsa nyumba zopemphereramo za anthu a Chilembwe. Itabuka nkhondo yaikuru mu 1914, anthu athu nafa ku Karonga pa ndeu ya Angerezi ndi Ajeremani, Chilembwe analembera kalata nyuzi ya Nyasaland Times, kudandaula kuti amphawi alikufera mlandu wosaudziwa. Boma linatsekereza kalatayo.

Tsono usiku wa pa 23 January 1915 anthu ace anauka, napha Azungu atatu, koma akazi ndi ana sanawapweteke. M'mawa mwace, tsiku la Mulungu, mutu wa Livingstone unaikidwa m'kacisi pa nthawi ya mapemphero. Patapita masiku awiri anathiranso nkhondo misyoni ya Akatolika ku Nguludi, nalasa wansembe. Pa 3 February Chilembwe anaomberedwa nafa. Boma linagumula kacisi wa ku Mbombwe, ndipo omtsata ambiri anaphedwa.

Nanga tinene ciani? Sitingathe kunena kuti dandaulo lace linali labodza, iai. Iye wotentha nyumba ya mapemphero ndi kudyerera thukuta la mnzace ndiye anayamba kuswa mtendere, ndipo dziko lathu likumbukira Chilembwe pa 15 January cifukwa anakana kuti munthu wakuda ayesedwe khasu la mwini munda. Komanso sitingathe kuyesa mutu wa munthu m'kacisi nsembe yokondweretsa Mulungu. Tikumbukire kuti Petro posolola lupanga m'munda muja anali kucinjiriza Wosalakwa, koma Ambuye anamletsa, naciritsa khutu la kapolo amene anadza kudzamgwira. Ndiponso nthungo ikacoka m'dzanja sisankha: wansembe wa ku Nguludi sanali mwini thangata la ku Magomero, ndipo amasiye a ku Chiradzulu sanafunsidwe ngati alola.

Kodi tsono Mkristu angokhala cete napirira? Ndipo pano pagona cimo limene ife Akristu tizolowera, ndilo kulalikira cipiriro kwa womenyedwa ndi kutseka pakamwa pamaso pa womenya. Mtendere wotere ndiwo cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Taonani, Chilembwe anayamba ndi mau asanafike ku nthungo. Koma mauwo anali a munthu mmodzi, ndipo mutu umodzi susenza denga.

Tilinganize ndi zimene zinacitika pa 8 March 1992, pamene kalata ya mabishopu a Katolika inawerengedwa m'macalici ao onse, yodzudzula kumanga anthu popanda mlandu ndi kuwaletsa kulankhula. Olembawo anaopsezedwa, ndipo mmodzi wa iwo, John Roche, anapitikitsidwa m'dziko. Koma Eklesia wa CCAP, mipingo yina ndi Asilamu anaima nao pamodzi, ndipo pa 14 June 1993 anthu anasankha zipani zambiri ndi manja opanda cida. Mwazi unakhetsedwa ndithu ku Blantyre m'mwezi wa May 1992, koma sunakhetsedwe ndi dzanja la mpingo.

Cotero yankho lathu ndi ili: nchito ya mpingo ndiyo kunena coona msanga, poyera, ndi pamodzi, mwazi usanagwe. Ndipo cikhululukiro comwe ciyenda m'njira yomweyo. Makolo anati mlandu suola. Cifukwa cace kukwirira colakwa ndi nyimbo sikukhululuka ai. Wolakwa achule cimene anacita, abweze cimene akhoza kubweza, ndipo wolakwiridwa aike nthungo pansi, angakhale mtima ukali kuwawa.

Inu akuru a mpingo m'midzi, izi zikhudza inu. Pamene amfumu alanda munda wa mkazi wamasiye, pamene anyamata apatsidwa ndalama kuti akamenye a cipani cina, pamene nkhalamba inenezedwa ufiti anthu natola miyala, musadikire maliro kuti mukalalikire za mtendere. Pitani awiri kapena atatu tsiku lomwelo, nimunene pamaso pa mwini wace. Mukaopa kutero, musadzadabwe ana anu akadzafuna cilungamo ndi cikwanje.