Pagolo Malo ndi Amodzi

Mphwanga, amayi ako andiuza kuti anthu a timu ina ya ku Lilongwe akukufuna, ndipo iwe chikwama wamanga kale. Sindikukuletsa. Mwana wa mlongo wanga akamatchulidwa kuti ndiye goloboyi wa Mtengowanthenga yense mpaka ku Mponela, nanenso ndimayenda motukula mapewa. Koma khala pansi kaye.

Mnzako wosewera kutsogolo akapita ku timu yayikulu, malo sasowa. Akalephera pakati amuyesa kuphiko, apo ayi amulowetsa mphindi khumi zomaliza, anthu n'kumuona. Iwe zimenezo ulibe. Pagolo pamayima munthu mmodzi, ndipo mphunzitsi sasintha goloboyi ngati zinthu zikuyenda. Ukhoza kuvala yunifolomu ya Silver Strikers kapena ya Bullets chaka chathunthu, kujambulitsa nayo, kuyionetsa pa Facebook, koma magolovesi ako osadetsedwa ndi fumbi la ligi ngakhale tsiku limodzi. Ndiye usanafunse za malipiro, funsa kuti pagolo pawo pali ndani, ali ndi zaka zingati, ndipo kontrakiti yake itha liti. Ngati ndi mnyamata wa msinkhu wako amene akugwira bwino, bola ukhale mu ligi ya Chipiku kumene ukusewera sabata iliyonse. Kapena usayine, koma mugwirizane kuti akubwereketse ku timu yaing'ono. Goloboyi amakula ndi mipira yomuwomba, ndipo ku timu yofooka ndiko amawombedwa kwambiri.

Komabe benchi ikakupeza, usaikhalire monyinyirika. Mu 2022 ku Cameroon, pa chikho cha mayiko a mu Africa, m'masewero oyamba a Flames pagolo panali Ernest Kakhobwe wa Bullets. Pofika tsiku lokumana ndi Senegal ku Bafoussam, pa 18 Januwale, Kakhobwe sanasewere, malo ake analowa Charles Thomu wa Silver Strikers. Kutsogolo kwake kunali Sadio Mané, ndi timu imene inadzatenga chikhocho. Masewero anatha 0-0, Thomu n'kusankhidwa kuti ndiye waposa onse tsiku limenelo. Uganiza kuti kulimba mtima kumeneko anakutola m'mawa wa tsikulo? Anali kudzigwetsa pansi pa zokonzekera nthawi yonseyo, pomwe ambiri sankamuwerengera.

Tsono za kulakwitsa, pakuti ndaona mmene umakhalira ukachinyitsa chigoli chopepera: mutu pansi, osakuwiranso otchinga kumbuyo ako, theka lonse ngati walodzedwa. Swadick Sanudi anagwirira Bakili Bullets mu 2004 pomwe timuyo inafika m'magulu a mpikisano wa akatswiri a mu Africa, kenaka anapita ku South Africa kumene anasewerera Dynamos. Mu 2010 ku Angola, tsiku lomwe Flames ya Kinnah Phiri inakwapula Algeria 3-0, iye sanalole mpira kudutsa. Patangotha sabata, ku Cabinda, mphindi yoyamba isanathe anamenya mpira molakwika, unakagwera Frédéric Kanouté wa Mali, ndipo uyo sanachedwe nawo. Tinagonja 3-1. Amene tinali pa wailesi tinamunena, ena mpaka kutukwana, kuiwala kuti manja omwewo ndiwo anatifikitsa kumeneko. Ndi mmene anthu alili, ndipo sadzasintha chifukwa cha iwe. Chimene matimu amayang'ana asanagule goloboyi ndi mphindi zotsatira chigolicho: kodi akutulukirabe makona? Kodi mawu ake akumvekabe?

Nkhani ya mapepala ndiyo imandidetsa nkhawa kuposa zonsezi. Ndalama yosayinira imene akuuza pakamwa, ilembedwe, pamodzi ndi tsiku loperekera. Ukavulala phewa kapena chala, alipira chipatala ndani? Nyumba akupatsa kapena udzipezera wekha? Pepala limodzi litsale m'manja mwako, ubwere nalo kuno tilisunge mu sutikesi momwe muli ziphaso za munda. Dziwanso kuti malamulo a FIFA amalola munthu kulembetsa ku matimu atatu mu sizoni imodzi, koma kusewerera awiri okha. Wokwiya msanga, wongodumphadumpha, amapezeka watsekeka yekha. Ndipo akabwera wina ndi nkhani ya ku Joni kapena ku Mozambique, akufuna uyambe wamupatsa ndalama ya ulendo, umuuze kuti malume ako akumufuna. Kunja kulipo ndithu. Charles Swini, amene anagwirirapo Silver, anakasewera ku Songo m'chigawo cha Tete, pafupi pompa. Koma kumeneko kontrakiti imabwera m'Chipwitikizi, ndipo popanda chikalata chokumasula chodzera ku FAM sungalowe m'bwalo. Upeze wokuwerengera amene sakudyapo kanthu.

Usanyozenso matimu a boma chifukwa alibe ochemerera ambiri. Blue Eagles ndi ya apolisi, Kamuzu Barracks, MAFCO ndi Moyale ndi za asilikali. Anyamata ambiri a m'matimu amenewa amakhala pa ntchito, ndipo mawondo akayamba kukana malipiro saima. N'zoona goloboyi amatha mochedwa kuposa anzake, ena amagwira mpaka zaka 35 n'kupitirira, koma pambuyo pake pali zaka zina zambiri zofuna nsima. Nchifukwa chake mayeso a Fomu 4 aja ndikufuna uwabwereze chaka chino, ngakhale utakhala ku Lilongwe.

China n'chaching'ono. Ukangolembetsa, za mabonanza a kumudzi kuno usiye, ngakhale atakulonjeza mbuzi. Mabwalo athu ndi a miyala, ukathyoka dzanja kumeneko timu yako idzakukana.

Anthuwo uwauze kuti Loweruka tibwera awiri. Tikwera minibasi ya m'mawa pa siteji pompa, ndipo cholembera ndisunga ndine mpaka titamva zonse.