Habu ikagwira pa shafuti: funso la mphamvu ndi kudekha

Habu ndi chitsulo chimene gudumu la galimoto kapena la ngolo limamangidwapo ndi mabawuti. M'kati mwake mumakhala beringi, yomwe imachititsa kuti gudumu lizizungulira mosavuta. Beringi ikatha, gudumu limayamba kulira, kenako kugwedera, ndipo kuti yatsopano ilowe, habu iyenera kuchoka kaye. Pa galimoto yosamalidwa bwino ntchito imeneyi sichedwa. Koma nthawi zambiri makaniko amachotsa kotapini, kumasula nati, kukoka, habu osasuntha ngakhale pang'ono. Pamenepo amati yagwira.

Kumwera kwa boma la Mzimba zimenezi si zachilendo. Kupatula msewu wa M1 wodutsa pa Jenda kupita ku Mzuzu ndi ina yochepa yatala, misewu yolowera kumidzi ya ku Embangweni, Mqocha, Champhira ndi Luwerezi yambiri ndi yadothi. M'chilimwe fumbi limalowa pa silo yotha, chotsekera girizi, n'kusandutsa girizi kukhala phala lokhakhala. M'dzinja madzi a m'zithaphwi amatsuka girizi wotsalayo. Derali ndi la ng'ombe, ndipo ngolo zambiri zimapangidwa ndi zitsulo za magalimoto akale. Ngolo yotere imanyamula chimanga, fodya, njerwa, nthawi zina wodwala, ndipo imatha kuyenda zaka zingapo habu yake osatsegulidwa.

Chogwiritsa habu chimakhala chimodzi mwa ziwiri. Choyamba ndi dzimbiri. Chitsulo chikachita dzimbiri chimafufuma, chifukwa dzimbirilo limatenga malo aakulu kuposa chitsulo chimene ladya, kuwirikiza kawiri kapena kuposa. Mpata wa pakati pa mphete yam'kati ya beringi ndi shafuti, chitsulo chimene habu imazungulirapo, ndi wochepa kuposa kunenepa kwa tsitsi, choncho dzimbiri lochepa lomwe limakwana kuutseka. Chachiwiri ndi kutentha: beringi yopanda girizi ikapitiriza kuyenda imapsa, mphete yake imayamba kuzungulira pa shafuti, ndipo zitsulo ziwirizo zimakandana mpaka kumatirirana. Kugwira kwa mtundu woyamba kumamva mafuta ndi kudikira. Kwachiwiri sikumva.

Apa ndi pamene pamabuka funso lakale, limene anthu achipembedzo ndi anzeru akhala akukangana nalo: chinthu chikakana, kodi n'koyenera kuchikakamiza, ndipo kukakamizako kulekezere pati? Pagalaja funsoli silifunsidwa ndi mawu otere. Mwini galimoto, ataima pambali n'kumayang'ana dzuwa, amangoti, "Adada, ingomenyani, ichoka." Makaniko wodziwa ntchito amayankha kuti, "Tiyeni tiipatse nthawi imwe mafuta." Awiriwa sakutsutsana pa nkhani ya chitsulo chokha.

Amisiri odziwa amatsata ndondomeko imene imayamba ndi zofewa. Amapala dothi ndi dzimbiri looneka ndi burashi yawaya, n'kuthira mafuta olowerera monga WD-40, kapena dizilo, parafini, ngakhale mafuta a mabuleki ngati palibe china. Amadikira. Kenako amagogoda habu mozungulira, mbali iyi ndi iyo, osati kuti ichoke ndi nkhonya imodzi koma kuti dzimbiri lisweke ndipo mafuta apeze njira. Ikakanabe amaika pula, chida cha zala ziwiri kapena zitatu chokhala ndi bawuti pakati, chimene chimakoka habu molunjika pamene bawutiyo ikukankha mutu wa shafuti. Pula ikalephera amatenthetsa habuyo. Pa boma la Mzimba ndi pa Jenda wina angapeze gasi wowotcherera. Kumudzi amagwiritsa ntchito makala oyaka. Moto umathandiza pa chifukwa chodziwika bwino: chitsulo cha mamilimita 50 chikatenthedwa ndi madigiri 100 chimakula pafupifupi mamilimita 0.06, ndipo kakukula kameneko n'kokwana kumasula mphete. Koma motowo uyenera kufika msanga pa chitsulo chakunja chokha. Wotenthetsa mwaulesi amatenthetsa shafuti yomwe, zonse ziwiri n'kukula limodzi. Zonsezi zikalephera, amadula mphete ndi gilayinda mopendeketsa, osafika pa shafuti, n'kuiswa ndi tchizulo.

Woyang'anitsitsa ndondomeko imeneyi aona kuti mphamvu ilimo kuyambira pachiyambi. Pula imakoka mwamphamvu kuposa mkono wa munthu aliyense, moto ndi wankhanza kuposa hamala, ndipo gilayinda imawonongeratu. Choncho n'kulakwitsa kuganiza kuti kudekha n'kusagwiritsa ntchito mphamvu. Chimene chimasiyanitsa mmisiri ndi womenya chisawawa ndi chakuti mmisiri amadziwa pamene chitsulo chagwira, ndipo mphamvu yake amailunjika pomwepo. Buku la Mlaliki, pa mutu 10, limakamba za nkhwangwa yobuntha imene imatopetsa mwini wake pomwe kuinola kukanamupeputsira ntchito. Ku China, buku la Zhuangzi, lolembedwa zaka zoposa 2,000 zapitazo, limasimba za wopha ng'ombe amene mpeni wake unatha zaka 19 osabuntha chifukwa ankaupititsa m'mipata ya mfundo za mafupa. Mabuku awiriwa sakuyamikira kufatsa. Akuyamikira kudziwa kapangidwe ka chinthu musanachikhudze, zomwe akuluakulu ankatanthauza ponena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Komabe mwini galimoto uja si chitsiru, ndipo ziphunzitso zambiri za kuleza mtima zimamulakwira pomuiwala. Kudikira kuli ndi mtengo wake, ndipo amene amaulipira si makaniko. Minibasi ikagona pa jeke usiku wonse kuti mafuta alowerere, dalaivala ndi kondakitala amapita kunyumba chimanjamanja. Mlimi amene ngolo yake yaima pa tsiku la msika wa pa Jenda akhoza kuwoletsa tomato. Ngati ngoloyo yanyamula mayi wapakati wopita ku chipatala cha Embangweni, kudikira maola atatu si khalidwe labwino konse. Pamenepo woswa habu ndi hamala yaikulu kuti gudumu lina lilowe msanga wachita chanzeru. Kudekha n'kosavuta kwa amene ali ndi ngolo ziwiri. Wolalikira kudekha kwa munthu amene nthawi yamuthera ayenera kuyamba wafunsa chimene munthuyo ataye pamene akudikira.

Motero funso lenileni ndi lakuti n'chiyani chiyenera kupulumuka, ndipo n'chiyani chingaperekedwe nsembe. Pagalaja yankho lake n'lomveka. Beringi yakale yatha kale ntchito, ndiye kuidula si kutaya kanthu. Habu ndi yodula koma imapezeka. Shafuti ndiye mutu wa nkhani: mazinga ake akaphwanyika, kapena mutu wake ukafutukuka chifukwa chomenyedwa, nati silowanso, ndipo ina ingafunike kukaifuna ku Mzuzu, ku Lilongwe, kapena kuitanitsa kwa abale amene ali ku Johannesburg. N'chifukwa chake mmisiri asanamenye amabwezera nati mozondotsa kuti ilingane ndi mutu wa shafuti, n'kutsamiritsa thabwa lolimba kapena chitsulo chofewa pakati. Amakhala atasankha kale chimene sachilola kuwonongeka.

Kusankhiratu kumeneku kumakhudza nkhani ya mlandu. Shafuti ikawonongeka, mawu omveka kawirikawiri ndi akuti, "Zangochitika, sindinafune." Thomas Aquinas, amene anamwalira mu 1274, anasiyanitsa chimene munthu akufuna kuchita ndi chimene chimatuluka pambali iye osachifuna, ndipo anavomereza kuti chachiwirichi sichimupatsa mlandu nthawi zonse. Koma anaikapo malire: mphamvu yogwiritsidwa ntchito isapose imene ikufunika. Makaniko amene watenga hamala yoswera miyala pomwe pula ili pambali sangabisale kuseri kwa cholinga chake chabwino. Ankadziwa chimene hamala yotere imachita ku mazinga. Amene wayesa njira zonse mwadongosolo, shafuti n'kupezeka kuti inali itapsa kale, alibe mlandu, ngakhale zotsatira zake zikufanana ndi za mnzake uja.

Alaliki amakonda kufanizira chitsulo chogwira ndi mtima wouma, monga wa Farao m'buku la Eksodo, ndipo fanizoli lili ndi pamene likuona. Mtima suuma tsiku limodzi, monganso dzimbiri silidza tsiku limodzi. Ndondomeko ya pa Mateyu 18 yobwezera m'bale wolakwa nayo imayamba ndi zofewa: kukambirana awiri, kenako mboni, kenako mpingo wonse, ndipo kumuchotsa kumabwera pamapeto. Mbiri ya boma la Mzimba imatchulidwanso pa nkhani yomweyi. Angoni a Gomani anagonjetsedwa ndi mfuti mu 1896, a Mpezeni mu 1898, koma a M'mbelwa analowa mu ulamuliro wa Britain mu 1904 pa msonkhano wa ku Ekwendeni ndi Sir Alfred Sharpe, popanda nkhondo. Amishoni a Livingstonia anali atakhala pakati pawo kuyambira m'zaka za m'ma 1880, ndipo Donald Fraser anali atatsegula mishoni ya Loudon ku Embangweni mu 1902. Miyoyo yambiri inapulumuka, ndipo ufumu wa Inkosi ya Makosi ulipobe ku Edingeni mpaka lero.

Koma chitsanzo chomwechi chikuonetsa pamene fanizo limathera. Njira yofatsa ya 1904 inafikitsa Angoni pamalo omwewo pamene mfuti inafikitsa anzawo: ufulu wodzilamulira unapita, msonkho unabwera. Kufatsa kwa njira sikutsimikizira kuti cholinga n'cholungama. Pa habu funso limenelo silibuka, popeza chitsulo sichifuna kanthu, ndipo palibe amene amachifunsa ngati chikulola kuchoka. Munthu wokana akhoza kukhala kuti akukana zoona. Mkulu wa mpingo, mfumu kapena kholo limene likuona wotsutsa ngati habu yogwira lagamula kale kuti wolakwa ndi winayo, ndipo chimene latsala nacho n'kusankha chida. Choopsa kwambiri ndi mbali ija ya kusankha chimene chingadulidwe. Pagalaja ndi nzeru kunena kuti mphete iyi ife kuti shafuti ikhale. Pakati pa anthu, amene amatchedwa mphete yotha ntchito nthawi zambiri ndi wosauka, wamasiye kapena wopanda omulankhulira. Chimene mpingo ungatengeko kwa makaniko ndi chizolowezi chofufuza pamene pagwira musanamenye. Ufulu wodula sungatengedwe nawo.

Habu ikachoka, ntchito imatsala ina imene mwini galimoto saiona. Shafuti imapalidwa ndi sandipepa wosalala mpaka dzimbiri lonse lithe, ndipo ngati yachita buluu kapena yakumbika, iyenera kusinthidwa. Beringi yatsopano siimenyedwa pa timagudumu take. Imakankhidwa pa mphete imene ikulowayo, ndipo ngati itenthedwa kuti ilowe mosavuta, isapitirire madigiri 120. Girizi amalowetsedwa ndi chikhatho mpaka atulukire mbali ina, silo imaikidwa yatsopano, nati imamangidwa gudumu likuzunguzidwa kenako n'kubwezedwa pang'ono, kotapini n'kulowa. Pa shafuti pamapakidwa girizi wochepa kuti dzimbiri lisadzagwirenso. Zonsezi zikaphimbidwa ndi kapu, ntchito yabwino ndi yachinyengo zimaoneka chimodzimodzi, ndipo malipiro ake ndi amodzi. Wopindula ndi girizi wa pa shafutiyo ndi makaniko wina amene adzatsegule habuyo zaka zikubwerazo, mwina ku Kasungu kapena ku Lundazi, munthu amene sadzadziwa dzina la amene anapaka. Habu zambiri zimene zimagwira lero zinamangidwa zouma ndi munthu amene ankadziwa kuti wodzavutika nazo si iye.