Mfundo zisanu za ku doko la Kachulu

Kachulu ali kumapeto kwa msewu wochokera mumzinda wa Zomba, m'dera la Mfumu Yaikulu Mwambo, pomwe mabwato opita ku chilumba cha Chisi amanyamukira. Moyo wa pano umatsata madzi a nyanja ya Chilwa, ndipo uli ndi zotiphunzitsa.

1. Chaka cha zambiri ndicho chosungira. Chilwa ndi nyanja yosaya, ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndipo mvula ikavuta zaka zotsatizana dzuwa limaimwa. Inaphwa mu 1968 ndi 1995, ndipo mu 2018 mabwato anagona pamatope ong'aluka. Matemba akachuluka ndalama imayenda usiku ndi usana, koma msodzi wanzeru amagulako mbuzi, malata kapena munda. Papsa tonola, sudziwa mtima wa moto.

2. Zochita za kumtunda zimalipiridwa kumunsi. Mitsinje ya Likangala ndi Domasi imachokera kuphiri la Zomba. Wodula mitengo kuphiri ndi wolima mpaka m'mphepete mwa mtsinje amatumiza dothi kunyanja, nyanja n'kumakwiririka. Mwina sanafikepo ku Kachulu, komabe dzanja lake lili m'mbale ya mwana wa msodzi. Tisanachite kanthu, tidzifunse kuti kumunsi kwathu kuli yani.

3. Khomo limodzi silidyetsa banja. Anthu a kuno amawedza mlamba ndi makumba, amalima mpunga pa sikimu ya Likangala, amaluka mphasa, amapalasa kabaza. Nyanja ikathawa, ena amadzala mbewu pachinyontho chomwe yasiya. Ntchito yachiwiri si manyazi, ndiyo imaphika nsima ntchito yoyamba ikafa.

4. Mtengo wa ndiwo suthera pa ndalama. Asodzi ambiri amakhala masabata m'zimbowera, timisasa toyandama pakati pa mabango. Pomwepo amaphika, amagona, amawamba nsomba, ndipo madzi omwe amamwa ndi omwewo amene amadzithandiziramo, n'chifukwa chake kolera amawapeza kawirikawiri. Kumtunda, amayi amayanika matemba, kuwatembenuza ndi manja dzuwa lili paliwombo, kenaka amalonda amawanyamula m'matumba kupita ku Zomba ndi ku Limbe. Tikamanenerera pamsika, tikumbukire kuti anthuwa akufunika madzi abwino, chipatala chapafupi ndi msewu wodutsika nthawi ya dzinja.

5. Kuleka lero ndiko kudya mawa. Madzi akaphwa, nsomba zochepa zimabisala m'maiwe a m'mitsinje, ndipo ndi zomwezo zimadzazanso nyanja mvula ikabwera. Wothira katupe m'maiwe amenewa, kapena wokoka khoka la neti ya udzudzu nyengo yoswana, amapha mbewu ya mudzi wonse. Dziko lapansi linazindikira Chilwa ngati dambo lofunika pansi pa pangano la Ramsar, koma pangano silingalondere dziwe usiku. Olondera ndi mafumu, makomiti a m'madoko ndi msodzi aliyense wolola kubwerera kunyumba ndi dengu losadzaza, kuti mwana wake adzapeze nsomba.