Kodi Wodutsa Osaima Walakwa?

Pali misewu iŵiri yotchedwa M1 imene ana a ku Ntcheu amaidziŵa. Woyamba ndi wathu uno, umene pa Lizulu umatsata malire enieni, uku Malaŵi uko Mozambique. Wachiŵiri uli ku Johannesburg. Pakati pa iŵiriyi pali ulendo wautali: Mwanza, Zóbuè, kuwoloka Zambezi pa Tete, Nyamapanda, Harare, Beitbridge, kenaka makilomita oposa 500 pa msewu wa N1. Maiko anayi onseŵa amayendera kumanzere, choncho manja a dalaivala sasokonezeka. Chimene chimasokonezeka ndi chikumbumtima.

Kwathu kuno, munthu akapeza mnzake galimoto itamufera panjira, iye n'kudutsa osafunsa n'komwe, timati alibe umunthu. Koma wopita ku Joni amatsazikidwa ndi langizo lina: usaime! Langizoli si lachabe ayi. Kumeneko magalimoto amaloledwa kuthamanga makilomita 120 pa ola, lamulo sililola kuima pa msewu waukulu popanda chifukwa chenicheni, ndipo achifwamba ena amadzionetsa ngati ovutika kuti akole wachifundo. Kodi tsono mwana wathu akadutsa osaima, walakwa?

Ife tikuona kuti tiyenera kusiyanitsa udindo wothandiza ndi njira yothandizira. Kuima ndi njira imodzi chabe. Dalaivala wanyamula anthu, ndipo miyoyo yawo ili m'manja mwake. Sangaiike pachiswe chifukwa chofuna kuoneka wabwino. Koma udindo uja sunathe. Angathe kupita patsogolo, n'kuima pamalo omwetsera mafuta, n'kuimbira apolisi pa 10111. Akachita zimenezi sanamutaye mnzakeyo. Amene wamutaya ndi uja woyang'ana kumbali, nadziuza kuti si wakwathu. Mantha ndi chifukwa chomveka, komanso ndi chikopa chabwino kwambiri chobisaliramo ulesi wa mtima, ndipo mwini wake yekha ndiye amadziŵa chimene chinamudutsitsa.

Mayeso aakulu, komabe, ali m'kati mwa mzinda, madzulo anthu akuŵeruka. Pamenepo magalimoto amandondozana ngati linthumbu, oyendetsa minibasi akuloŵerera paliponse, mahutala ali pii! Apa palibe wachifwamba woti tinamizire. Pali munthu chabe amene wayatsa indiketa, akupempha mpata. Kumupatsa kumatitayitsa kamphindi kochepa, koma ambirife timamana, chifukwa nkhope yake sitikuiona, tikuona chitsulo. Munthu amene sangalumphe mzere kuchigayo, poopa maso a anansi, amaulumpha mosavuta pamene palibe womudziŵa. Kodi ulemu wakewo unali wake, kapena unali wa mudzi?

Tisawanyoze eni dziko. Pa misewu yawo ya kunja kwa mizinda, woyenda pang'onopang'ono amapatukira kuseri kwa mzere wachikasu kuti mnzake adutse, ndipo wodutsayo amathwanimitsa nyale zake kunena zikomo. Anthu osadziŵana, amene sadzaonananso, apatsana moni.

Chotidetsa nkhaŵa n'chakuti ena amabwera nalo liŵiro lija, moni uja atausiya ku Limpopo. Pa Lizulu msika uli m'mphepete mwenimweni mwa phula. Amayi ogulitsa kachewere ndi kabichi amathamangira basi iliyonse yoima, ana ali pambuyo pawo, ndipo galimoto yochokera ku Joni imadutsa pomwepo.