Kodi Mathithi Ndi a Yani?

Mtsinje wa Luangwa ulibe mathithi pamene ukudutsa m'boma la Mambwe. Umayenda modekha m'chigwa chotentha, kugumula gombe la tsidya lino n'kuunjika mchenga tsidya linalo, ndipo ukasintha njira umasiya mathamanda omwe mvuu ndi ng'ona zimasandutsa kwawo. Mwana wokulira ku Kawaza, m'dera la Mfumu Nsefu pafupi ndi Mfuwe, amadziwa madzi osefukira m'dzinja ndi madzi ophwa m'chilimwe, koma mtsinje wathunthu ukugwera m'phompho sanauonepo. Banja la kumeneko likafuna kuonetsa ana zimenezi pa tchuthi, liyenera kukwera basi ya ku Chipata, kutsata msewu wa Great East mpaka ku Lusaka, kenako kutsikira ku Livingstone, mtunda woposa makilomita 1,000.

Kumeneko Zambezi, wotambalala mamita 1,708, amagwa mamita oposa 100 pa mathithi a Mosi-oa-Tunya, pamalire a Zambia ndi Zimbabwe. Mu Epulo madzi akachuluka, munthu wodutsa pa kamlatho ka Knife-Edge amanyowa mpaka zovala zam'kati ngakhale kumwamba kulibe mtambo. Mawu a mnzake samveka. Ana amene anachita phokoso njira yonse amangoti zii, atagwira dzanja la mayi awo, utawaleza uli m'munsi mwa mapazi awo. Mantha osakanikirana ndi chimwemwe amenewa ndi akale kwambiri, ndipo ndi amene amabala funso lakuti malo otere ndi a yani, ndiponso wofikapo ayenera kukhala bwanji.

Yankho lakale kwambiri ndi la eni dera. David Livingstone asanafike mu Novembala 1855 n'kutcha mathithiwo dzina la mfumukazi ya kwawo, Aleya a Mfumu Mukuni ankapereka nsembe kwa mizimu ya makolo pamalo osankhika m'mbali mwa phompholo, ankatungako madzi a mwambo wa mvula, ndipo odwala ankapita kukasamba kuti matenda apite ndi mtsinje. Mpaka lero mfumuyo imalamulira pamodzi ndi mayi wosunga miyambo wotchedwa Bedyango. Kumpoto, pa mathithi a Chishimba pa mtsinje wa Luombe pafupi ndi Kasama, Abemba amati mzimu umakhala m'phanga la pansi pa madziwo, ndipo pamenepo sipatukwanidwa, sipatembereredwa munthu, sipachitidwa zadama. M'kaganizidwe kameneka mathithi ali ndi mwini wosaoneka, ndipo anthu ndi osunga chabe. Wobwera amayamba wapempha.

Yankho la Chikhristu ndi lina. Zambia inalengezedwa kukhala dziko la Chikhristu mu 1991, ndipo mabanja ambiri a m'chigwa cha Luangwa amafika pa mathithi ndi maso a kutchalitchi. Kwa iwo madziwo ndi cholengedwa, ntchito ya manja a Mulungu, ndipo utawaleza umawakumbutsa pangano la m'buku la Genesis. Palibe wokhala m'phanga amene ayenera kupepesedwa. Chiphunzitsochi chinamasula anthu ambiri ku mantha, ndipo zimenezo si zochepa. Koma chili ndi ngozi yake: munthu akauzidwa kuti malo alibe mzimu, sachedwa kuganiza kuti alibenso ulemu, kotero kuti akhoza kutayapo botolo kapena kuseka mwambo wa eni ake.

Boma nalo lili ndi yankho, ndipo ndi limene mlendo amakumana nalo poyamba. Chimalizidwireni mlatho wa njanji mu 1905, mathithi a Zambezi akhala malo a alendo odzaona. Pali mpanda, pali geti, pali tikiti, ndipo wofuna kuwaona kuchokera ku Zimbabwe ayenera kudinditsa chiphaso. Bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1989. Mawu akuti "dziko lonse" amamveka bwino, koma ana a anthu amene ankapereka nsembe pamenepo tsopano amafika kudzera pa geti lomwelo, ndipo ambiri amapeza chakudya pogulitsa ziboliboli panja pake.

Mathithi a Kalambo amasokoneza mayankho onsewa. Ali pafupi ndi Mbala, pamalire a Zambia ndi Tanzania, pamene madzi amagwa mamita oposa 200 asanakalowe m'nyanja ya Tanganyika. Mu 2023 akatswiri ofukula zakale analengeza kuti anapeza kumtunda kwake mitengo iwiri yosemedwa ndi kulumikizidwa zaka pafupifupi 476,000 zapitazo, mtundu wa anthu a lero usanaoneke. Amene anasema mitengoyo sanali Amambwe kapena Alungu okhala m'deralo lero, sanadziwe malire, ndipo zimene ankaganiza pomva mkokomo wa madziwo zinapita nawo. Aliyense wonena kuti mathithi ndi ake, kaya mfumu, mpingo kapena boma, anafika mochedwa.

Apa anthu a ku Kawaza ali ndi nzeru imene alendo ambiri alibe, chifukwa iwo amadziwa kuonedwa. Kuyambira mu 1997 mudziwu wakhala ukulandira alendo ochokera m'misasa ya ku South Luangwa, amene amagona m'nyumba zaudzu, kudya nsima ndi manja, kuyendera sukulu ndi kucheza ndi asing'anga. Akunda a pamudzipo anaphunzira kusiyanitsa mlendo amene amagwada polonjera agogo n'kudikira kuti apatsidwe mpando, ndi uja amene amayamba ndi kamera asanapereke moni. Onse awiri analipira ndalama zofanana. Ndalamazo zinagula malo ogona ndi chakudya, koma ufulu wolowa paliponse sizinagule, ndipo pali zinthu za pamudzi zimene mlendo saonetsedwa ngakhale atawonjezera. Banja la ku Kawaza likaima pa geti la Mosi-oa-Tunya, udindo umatembenuka: ilo ndilo lanyamula foni yojambulira.

N'chifukwa chake ulemu pa mathithi sudikira kuti anthu agwirizane kaye za mwini wake. Mkhristu safunika kukhulupirira mzimu wa Chishimba kuti aletse mwana wake kutukwana pamenepo, monga momwe munthu amavulira chipewa pa maliro a mpingo wina popanda kusintha chipembedzo. Chimene akulemekeza ndi anthu amene anasunga malowo, ndiponso kuchepa kwake iye mwini pamaso pa chinthu chimene sanapange ndipo sangachiimitse. Pa mfundo yachiwiriyi Bedyango ndi m'busa sakutsutsana kwenikweni, ngakhale kuti amatchula maina osiyana.

Funsoli limalemera kwambiri madzi akasanduka magetsi. Ku Malawi, mathithi a Kapichira pa Shire, amene anatsekereza ngalawa ya Livingstone mu 1859, lero amayendetsa makina, ndipo namondwe Ana atawononga damu lake mu Januwale 2022 dziko lonse linalawa mdima. Pa Zambezi, damu la Kariba linasamutsa Atonga pafupifupi 57,000 chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, manda ndi akachisi awo n'kumizidwa. Chilala cha 2024 chitachepetsa kwambiri madzi a m'nyanja ya Kariba, magetsi ankazima maola ochuluka tsiku lililonse m'Zambia, ndipo nkhani yomanga damu lina m'chigwembe cha Batoka, kumunsi kwa Mosi-oa-Tunya, ikadali pa tebulo la maboma a Zambia ndi Zimbabwe. Chipatala cha kumudzi chimafunadi magetsi, ndipo palibe chipembedzo chimene chingakane zimenezo. Chovuta n'chakuti pa zokambirana zotere maboma amabwera ndi mapepala a malire, makampani amabwera ndi ndalama, pamene osunga malo a nsembe alibe chikalata chilichonse choonetsa, ndipo ku Kariba anauzidwa zosamuka chigamulo chitapangidwa kale.